Mzere Umene Sanaumalize

Mtsikana uja ankatsuka madengu pampopi wa kuseri kwa nyumba pamene mayi ake aakulu anatsika lole yonyamula tiyi. Inali nthawi ija mvula yatha, mitengo yamthunzi ikuyoyola masamba, ndipo kuphiri kuno dzuwa likangopendeka nkhungu imatsika n'kumeza minda yonse. Mayiyu sanapondekonso chiikire maliro a mng'ono wake. Anabwera kudzangoona mwana wamasiyeyo, agoneko masiku ochepa, n'kubwerera kwawo.

Koma abale, mwana amene anamupeza! Khosi ngati ndodo, maso atalowa, juzi ikungolendewera.

"Takulandirani, amayi aakulu."

"Iwe, ukumadya koma?"

"Ndimadya."

"Taonetsa manja ako."

Zala zinali bii ndi utomoni wa tiyi, kuda kuja kumene kumagwira munthu amene watchola zaka zambiri. Chonsecho mwanayu anali wa pasukulu, kumunda sankagwira ntchito. Bambo a mwanayo anatuluka, napereka moni maso ali pansi.

"Alamu, mwanayu akudwala chiyani?"

"Ndi kuzizira chabe, alamu. Kuno kumazizira."

M'mawa mwake mlendoyo anapita kukagula sopo, ndipo mayi wa pagolosale anamukokera kuseri kwa kauntala. Ankalankhula monong'ona, maso ali pakhomo. Anati nyengo ino tiyi wa aliyense wafooka, koma alamu anuwo matumba awo amadzaza sikelo tsiku ndi tsiku, waganyu alibe ndi mmodzi yemwe. Anati kukamacha, nkhungu isanachoke, m'munda mwawo mumamveka tcho, tcho, tcho, munthu osaoneka. Mayi wa mapasa, amene ankatchola moyandikana ndi malemuwo, anayamba kuda zala chimodzimodzi, kuwonda, basi n'kupita. Kenako Nthabwala, mnzake wapamtima wa malemuyo, uja ankaseketsa mzere wonse, nayenso anatsatira.

"Mng'ono wanu watopa," anatero mayi wa pagolosale. "Akuitana omuthandiza. Tsopano watsala ndi mwana wake yekha."

"Musatero, mayi."

"Ine ndanena. Mutengeni mwanayo."

Kumutenga anayesa. Mwanayo anagwira mwendo wa bedi n'kulira mpaka kusanza, akuti iye sachoka pano. Mayi wamkuluyo sanagone bwino, ndipo kusanawale anamva chitseko chikulira. Anatsatira. Kunja kunkanunkha masamba aawisi ndi dothi lonyowa, ndipo pakati pa fungolo panali lina limene analidziwa bwino, la mafuta amene mng'ono wake ankadzola m'manja akang'ambika. Chapatali mwana anali chiimire pakati pa tiyi, maso ali otseka, zala zikutchola, ndipo dengu lalikulu linkayenda lokha pambali pake likudzaza.

Nkhungu itachoka, mayiyo analowa m'munda. Pakati pa mzere womaliza, wa kumphepete kwa mtsinje, anapeza nthambi ziwiri zitamangidwa mfundo. Iwowa anakulira m'tiyi, iye ndi mng'ono wake, ndipo mng'onoyo anali ndi kakhalidwe kake kuyambira ali mtsikana. Nthawi yoweruka ikamupeza pakati pa mzere, ankamanga nthambi ziwiri n'kunena kuti, "Mawa ndiyambira apa." Ankamuseka nazo, amvekere kodi tiyi athawa? Koma iye sanasiyepo mfundo osabwerera. Tsiku limene anagwa m'munda, mzere umenewu anali asanaumalize.

Madzulo mayiyo anabisala kuseri kwa mtengo wamthunzi. Anaona alamu ake akubwera atagwira mwana padzanja. Bamboyo anamasula mfundo yakale, nawaza timadzi ta m'kabotolo pa nthambi zina, koma kumanga sanamange yekha.

"Manga, mwanangu."

"Ndikamanga amayi abwera?"

"Abwera. Manga msanga."

Mwana atangomanga, mayi wamkuluyo anatulukira. "Alamu! Mulibe chisoni inu? Munthu anakugwirirani ntchito ali moyo, mukumugwiritsanso ali m'manda?"

Bamboyo anakhala pansi pomwepo ngati wamenyedwa. Sanakane. Anati poyamba ankangofuna kumva kuti mkazi wake ali pafupi, chifukwa nyumba inazizira kwambiri. Sing'anga wa kuseri kwa phiri amene anamupatsa kabotoloko anati mfundoyo izimangidwa ndi munthu wa magazi amodzi ndi malemuyo. Kenako matumba anayamba kudzaza, ndipo iye analephera kusiya.

"Nanga anzake awiri aja? Nanga mwanayu?"

Bamboyo anangolira.

Mayiyo anamasula mfundo imene mwana anamanga, koma ankamudziwa mng'ono wake, kuti kumasula kokha sikukwanira. Munthu uja sakanachoka mzere uli pakati. Anatenga dengu, nalikoleka kumsana, nayamba kutchola, masamba awiri ndi kansonga, monga anaphunzirira ali ana. Zaka zinali zitapita asanagwire tiyi, ndipo msana unayamba kubaya asanapite patali. Nkhungu inatsika. Kenako mbali ina ya mzerewo kunayamba kumveka tcho, tcho, tcho, kuyenda limodzi ndi iye.

"Akulu," anatero mawu otopa, "msana wanga."

"Pirira, mng'ono wanga. Tatsala pang'ono."

"Mwana wanga ali kuti? Abwere andithandize."

"Ayi. Lero ndikuthandiza ndine."

Anatchola misozi ikugwera m'masamba, zala zikuchita dzanzi, fungo la mafuta lija lili pamphuno. Kumbuyo kwake mwana ankakuwa kuti amange mfundo, koma iye sanacheuke. Atafika pa chitsamba chomaliza, pamene mtsinje umamveka bwino, kutchola kwa mbali inayo kunasiya.

"Ndaweruka, akulu?"

"Waweruka. Pita ukapume."

Fungo lija linatha. Bamboyo anadzuka n'kuthamangira m'nkhungu akuitana mkazi wake, mawu ake akukwera phiri mpaka kuzimiririka. Anthu anamufuna mawa lake ndi mkuja, koma anangopeza chipewa chake chitakodwa m'tiyi wa kumtunda.

Mwanayo sanafe. Kuda kwa zala kunayamba kusuluka, ndipo tsiku lachitatu anapempha yekha chakudya. Koma musaganize kuti anathokoza. Sanalankhule ndi mayi ake aakulu mpaka m'mawa umene anakwera lole yotsika phiri, atakhala pamwamba pa matumba, minda ikubwerera m'mbuyo.

"Amayi aakulu."

"Ee, mwanangu."

"Tsopano ndikawafuna ndizimanga pati?"

Mayiyo anayang'ana pansi, naona tizala tija tikupota ulusi uwiri wa mpango wake, mfundo itatsala pang'ono kugwira. Anatigwira tonse m'manja mwake, ndipo sanatisiye mpaka phiri linabisika.