Kachiswe ndi Sowo Yokana Kudula

Uyu ndi Kachiswe. Ndi mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo ake ndi kalipentala. Amapala matabwa, amadulanso mitengo. Pamene pali matabwa, Kachiswe sasowapo. Utuchi kumutu, utuchi m'matumba. N'chifukwa chake anthu amamutcha Kachiswe.

Tsiku lina Kachiswe ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuona mng'ono wake. Mwanayo anali atabadwa dzulo lake. Anali kuchipatala ndi amayi.

M'mawa foni ya bambo inalira. Anali amayi.

"Bambo a Kachiswe, atitulutsa," anatero amayi. "Bwerani mudzatitenge. Tikudikira pabenchi."

"Tikubwera pompano!" anatero bambo.

Kachiswe analumpha. Chimwemwe chinadzaza tsaya.

Pakhomo panali galimoto imodzi yokha. Inali galimoto ya ntchito, yoyera, yakalekale. Mkati munali katundu tho! Bambo anatsitsa matabwa. Anatsitsa hamala. Anatsitsa chitini cha misomali. Amalume, achimwene awo a amayi, anapukuta mipando. Kachiswe anasesa utuchi wonse.

"Mwana asayetsemule," anatero Kachiswe.

Kenaka kunabwera chimphepo. Pafupi ndi geti panali mtengo wouma. Mtengowo unapendama. Unapendamanso. Kenaka khuu! Unagwa chopingasa pageti.

Palibe amene anavulala. Koma njira inatsekeka. Galimoto ikanadutsa pati?

"Ababa, ndiye sitipita?" anafunsa Kachiswe. Misozi inali pafupi.

"Kamtengo aka?" anatero bambo. "Mphindi zisanu zokha, mwanawe."

Bambo anathamanga kukatenga sowo ya injini. Sowoyi ili ndi tcheni. Patchenipo pali mano ambiri akuthwa. Tcheni chikamazungulira, manowo amadya mtengo. Dzulo lake bambo anali atachotsa tchenicho kuti achitsuke. Tsopano anachibwezera msangamsanga.

"Pang'onopang'ono, alamu," anatero amalume. "Kuthamanga sikufika."

"Alamu, musandiphunzitse ntchito," anatero bambo. "Sowo ndinayamba kugwira inu mukuyenda ndi kabudula wong'ambika."

Bambo anavala chipewa cholimba. Anavala magulovesi. Anavala zotseka m'makutu.

"Ana patali!" anatero.

Kachiswe anathamangira pakhonde. Anatseka makutu ndi manja.

Bambo anakoka chingwe. Anakokanso. Gruuuu! Sowo inalira. Anaiika pamtengo. Inalira, inalira. Kunatuluka utsi. Koma mtengo sunaduke.

"Mwina oyilo watha," anatero amalume.

Bambo anathira oyilo. Gruuuu! Sowo inalira, inalira. Kunatuluka utsi. Koma mtengo sunaduke.

"Tabweretsani kuno," anatero amalume. "Ntchito iyi imafuna mphamvu."

Amalume anakanikiza sowo pamtengo. Thukuta kamukamu. Kunatuluka utsi wambiri. Mtengo unangoda pang'ono, basi. Mphamvu zonse zija zinapita pachabe.

Foni inaliranso. Anali amayi.

"Kodi muli pati?"

"Tili m'njira!" anatero bambo.

Bodza lake limenelo! Galimoto inali isanasunthe n'komwe.

Bambo anazimitsa sowo. Anaiika pansi. Anakhala pamtengo paja n'kugwira tsaya. Amalume anakanda pamutu. Akuluakulu awiri, nzeru zitawathera.

Kachiswe anaganiza za amayi. Anaganiza za benchi lolimba. Anaganiza za kamwana kamene anali asanakaone. Mtima unamupweteka.

"Ababa, ndibwere?" anafunsa.

"Bwera, ndazimitsa," anatero bambo. "Koma osakhudza. Ikuwotcha."

Kachiswe ananyonyomala pafupi ndi sowo. Anaika manja kumbuyo. Pasowopo panali mawu ataliatali. Kachiswe sanathe kuwawerenga. Koma panalinso kachithunzi. Zithunzi ndiye Kachiswe amaziwerenga bwino.

Pakachithunzipo panali dzino la tcheni. Panalinso kamuvi. Kachiswe anayang'ana chithunzi. Anayang'ana tcheni. Anayang'ananso chithunzi. Anayang'ananso tcheni.

"Ababa," anatero, "pachithunzipa dzino likuyang'ana kutsogolo."

"Eee, ndi mmene limakhalira," anatero bambo.

"Nanga bwanji mano apamwambawa akuyang'ana kumbuyo?"



Bambo anawerama. Amalume anawerama. Zoonadi! Bambo anali ataika tcheni motembenuza. Mano onse ankasisita mtengo ndi msana.

Amalume anaseka chikhakhali. Anaseka mpaka kukhala pansi.

"Alamu! Zaka zonsezi pa sowo!"

"Inunso munaigwira," anatero bambo. "Maso anali kuti?"

Kenaka nawonso anaseka. Anamugwira Kachiswe paphewa.

"Wandigwira, mwanawe. Manja ali pano, koma mutu uli kuchipatala."

Bambo anadikira kuti sowo izizire. Anatenga sipanala. Anamasula manati awiri. Anatembenuza tcheni. Ulendo uno sanafulumire.

"Bwana, taonani," anatero kwa Kachiswe. "Zili bwino?"

Kachiswe anayang'ana chithunzi. Anayang'ana tcheni.

"Zili bwino!"

"Ndiye ana patali!"

Kachiswe anabwerera pakhonde. Gruuuu! Sowo inalowa mumtengo ngati mpeni m'buledi. Utuchi unauluka. Chipika choyamba, phi! Chachiwiri, phi! Chachitatu, phi! Amalume anagubuduza zipika zonse. Njira inatseguka.

"Kwerani!" anafuula bambo.

Kachiswe anakwera. Anamanga lamba. Galimoto inatsokomola kawiri, kenaka inanyamuka.

Kuchipatala, amayi anali pabenchi. M'manja mwawo munali kabulangete koyera.

"Moni, a 'tili m'njira'," anatero amayi. "Njira yake inali yodzera kumwezi?"

Bambo anayang'ana pansi. Amalume ndiye anafotokoza zonse. Sanasiye ndi chimodzi chomwe. Za thukuta lawo zokha ndi zimene anaiwala.

Amayi anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Musandiseketse, zikundipweteka! Ndiye wakupulumutsani ndani?"

"Mkulu wake wa mwanayu," anatero bambo.

Kachiswe anacheuka. Anayang'ana uku ndi uku. Mkulu wake uti? Kenaka anazindikira. Ankanena iyeyo!

"Khala apa," anatero amayi. "Tambasula manja."

Kachiswe anapukuta manja padiresi. Anakhala bwinobwino. Amayi anamuika mwana pamiyendo. Anali wopepuka. Anali wofunda. Timanja take tinali ting'onoting'ono.

"Iwe, dzuka," amayi anauza khandalo. "Awa ndi achemwali ako."

Palibe amene anamutchulapo Kachiswe kuti achemwali. Aka kanali koyamba. Anasangalala kwambiri.

Mwana anatsegula diso limodzi. Anakwinya kankhope, ngati akufuna kulira.

Kachiswe anawerama. Anamunong'oneza m'khutu.

"Usalire. Tinachedwa, koma tafika. Tiye kwathu."