Batani la Wosesa Chumuni

Wiebke anakhalira manja ake onse awiri, kuopa kuti limodzi lingadzuke lokha. Linali tsiku losankha kokaphunzira ntchito kwa masabata awiri, ndipo kwa osesa machumuni kunali malo amodzi okha.

Aphunzitsi awo, a Lindemann, anali ndi kachizolowezi kotopetsa. M'Chijeremani chathuchi ambiri amangotchula dzina lachimuna la ntchito, n'kumati akazi alimo kale. Koma iwo ayi ndithu! Ankatchula onse awiri, mpaka ana anawapatsa dzina loti a Kawiri.

"A Petersen, bwana wa osesa machumuni, akufuna wosesa chumuni wamwamuna," anatero aphunzitsiwo, "kapena wosesa chumuni wamkazi."

"Ayambapo a Kawiri!" ananong'ona Torben, mnyamata wolongolola ngati wailesi. "Mkazi padenga? Akangoona kangaude tikamutola pansi."

Anzake anafa nacho chiseko, koma Wiebke mawu omaliza a aphunzitsi aja anamulowa mumtima. Malemu agogo ake aamuna ankagwira ntchito imeneyi, ndipo jekete yawo yakuda ya mabatani agolide inali m'kabati, kudikira mdzukulu wamwamuna amene sanabadwe n'komwe. Zaka zonsezi akamva dzina la ntchitoyi ankaona bambo wandevu. Lero anadziona yekha.

Anakweza dzanja.

"Iwe, wapenga?" anafunsa Torben.

"Ngati ukuwafuna malowa kweza lako," anayankha Wiebke. Torben, amene ankachita chizungulire ngakhale atangokwera patebulo, sanakweze lake.

Lolemba lake Wiebke anakwera denga loyamba atavala jekete ya agogo yopinda manja. Pofika Lachisanu ankatsika makwerero akuimba mluzu, nkhope ili bii ndi mwaye, mtima uli mbee! Nkhalamba za mumsewu zinkamuimitsa kuti zigwireko batani lake, pajatu batani la wosesa chumuni limabweretsa mwayi.

Tsiku lomwelo poweruka anapeza Torben pageti la kwawo, akukanda pansi ndi nsapato.

"Mawa ndili ndi mayeso oyendetsa njinga yamoto," anatero mnyamatayo, maso ali kumbali. "Ndinalephera kale kamodzi. Ndingagwireko batani?"

"La wosesa wamwamuna kapena wamkazi?"

"Aaa, nawenso wasanduka a Kawiri? Lako lomwelo!"

Wiebke anaseka mpaka misozi. Anamulola kugwira batanilo, kenako anamudinda chala chakuda pamphuno. Torben anapita kwawo osapukuta.