Mzere Wofiira wa Aphunzitsi Anselmo

Lachisanu pa 16 Juni 1978, nthawi ili 7 koloko m'mawa, Sajeni Norbert Chimphamba anapeza banja lonse la a Anselmo litazungulira mtembo pa kanjira kotsika m'nkhalango ya Chongoni. Chifunga chinali chisanayere. Malemuwo, amene anali mphunzitsi wopuma pantchito, anagona chafufumimba, bala lili kunkhongo. Njinga yawo inali itatsamira bwinobwino pamtengo.

"Munthu akagwa panjinga, njingayo sidziimika yokha," anatero Sajeni chapansipansi.

Mkazi wa malemuwo, a Filomena, sanali kulira. "A Sajeni, pisani m'thumba la jeketelo. Buku mulibemo."

"Buku lanji, mayi?"

"Limene amatiwerengera pansi pa mkuyu Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa. Silituluka m'thumbamo, ngakhale ine sandibwereka. Akafika posiyira amadula mzere ndi pensulo yofiira, n'kulembapo tsiku. Sabata yatha anatisiya mtsikana wa m'bukumo ali pakati pa mtsinje, madzi ali m'khosi."

Woyamba kutengedwa anali Yeremiya, wodula nkhuni amene anaona mtembowo. Nkhwangwa yake inali ndi magazi. Pofika 10 koloko anali atakhala pabenchi kupolisi.

"Magaziwa ndi a gwape, bwana. Ndinamukola m'nkhalango ya boma, mlandu umenewo ndiye ndikuuvomera. Chikopa chili padenga kwathu. Koma ine ndiphe aphunzitsi? Nanga mtsikana uja awoloka bwanji?"

Chikopa chinapezekadi, chikadali chachiwisi.

"Ndani ankadana ndi kuwerengako?" anafunsa Sajeni.

Yeremiya anayang'ana kukhomo. "Funsani amene Lamulungu masana amatsala okha ndi mabenchi."

Loweruka 2 koloko masana Sajeni anafika kwa a Zefaniya, wapampando wa nthambi ya chipani m'mudzimo. Anawapeza pakhonde akuothera dzuwa, mkazi wawo a Bernadetta akutonola chimanga chapatali pang'ono.

"Aphunzitsi munaonana nawo liti komaliza?"

"Patha mwezi. Ine ndi anthu a mabuku sitidyera limodzi." A Zefaniya anasendeza mpando. "Mverani, a Sajeni. Lembani kuti anagwa panjinga. Mabuku a munthu uja sitikudziwa ngati boma linawaloleza. Mukachuluka mafunso, ine ndikangonena kuboma kuti mukuikira kumbuyo woukira. Kumene amapita oterowo mukukudziwa. Muli ndi ana, eti?"

"Ndili nawo anayi," anayankha Sajeni. Sanadzuke pamene anakhala.

A Zefaniya anamwetulira. Anatulutsa chingambwe ndi kapepala m'thumba la malaya, n'kuyamba kupichira. Sajeni anaona kuti pepalalo silinali la nyuzipepala. Linali lopyapyala, la zilembo zing'onozing'ono.

"Kuzizira kuno, apampando. Mundipichireko."

Anampichira mokondwa, poyesa kuti amvana. Sajeni sanayatse. Anafunyulula nduduyo, fodya n'kutayikira pansi, ndipo anawongola pepalalo pabondo. Cha m'munsi munali mzere wofiira, pambali pake palembedwa 11 Juni.

"Pepalali mwalitenga kuti?"

"Pepala ndi pepala. Ndinatola pamsika wa Mayani."

"Mayi," anaitana Sajeni, "tabwerani mundiwerengere apa."

A Bernadetta anapukuta manja pachitenje. Anayang'ana mwamuna wawo, kenako pepala lija, ndipo anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata zilembo. "Madzi anamufika m'khosi, koma mtolo wake sanautaye." Anakweza mutu. "Ndi pamene anasiyira aphunzitsi. Bukulo lili kutsindwi, pamwamba pa chitseko. Ndinaliona dzulo ndikusesa, ndinangosowa womuuza."

"Khala chete, iwe."

"Ndakhala chete zaka khumi ndi zisanu, bambo. Zakwana."

Sajeni analitsitsa bukulo. Pakati linali litang'ambidwa masamba asanu ndi limodzi. Kuseri kwa chitseko kunali chibonga chotsukidwa kumene.

A Zefaniya anayang'ana fodya wotayika uja.

"Ndikaitanitsa msonkhano kumabwera nkhalamba zitatu," anatero. "Onse ali kumkuyu. Ngakhale uyu anamuphunzitsa kuwerenga, lero makalata a chipani akundiwerengera ndi mkazi, anthu akuseka. Lachinayi ndinamudikira panjira, ndinati andipatse bukulo ndilitenthe. Anatsika, anaimika njinga, akuti, 'Zefaniya, bwera Lamulungu udzamve wekha, likakuipira utenthe.' Anatembenuka kuti azipita, ngati ndine mwana wa sukulu. Ndinam'menya kamodzi."

"Bwanji simunalitenthe?"

"Pepala lake ndi labwino. Limapichirika."

Unyolo utalowa m'manja, anawonjeza kuti, "Yunifomu imeneyo simufika nayo Lachiwiri."

"Kapena," anatero Sajeni. "Koma lero ndi Loweruka, ndipo ndaivala. Tiyeni."

Mawa lake anthu atachoka ku Misa anasonkhana pansi pa mkuyu, ngakhale kuti maliro anali ataikidwa dzulo lake lomwelo. Sajeni anafika panjinga. M'thumba limodzi munali kalata yomuitana kuboma Lolemba m'mawa, m'thumba lina munali buku.

"Ndi umboni wa kukhoti," anauza a Filomena. "Pofika 4 koloko ndibwerera nalo."

A Filomena analilandira ndi manja awiri, n'kupatsira a Bernadetta. Iwo anatsegula pong'ambika paja ndi kuyamba tsamba lotsatira. Mtsikana uja anali kale kutsidya, akufinya nsalu yake.

Yeremiya anatukula dzanja. "Pepani, wawoloka bwanji?"

"Pamenepo anasuta a Zefaniya," anayankha a Filomena, akusongola pensulo yofiira ndi mpeni. "Koma wawoloka. Pitirizani, a Bernadetta."