Kadontho Kofiira pa Khadi

Chetechete ankasita bulauzi yake ya kuntchito ngati munthu wopanda kopita. Anayamba ndi kolala, napita ku mkono wamanzere, kenako anabwereranso ku kolala yomwe inali itawongoka kale. Foni inali pambali, koma maso ake ankangothawira komweko.

"Iwe, uwotcha bulauziyo," anatero mchemwali wake wamkulu, akudzola mafuta pagalasi. "Kapena akutumiziranso bambo Phii aja?"

Chetechete anangomwetulira. Dzinali anamupatsa ali wamng'ono, chifukwa ankatha kuswera m'chipinda tsiku lonse anthu osadziwa kuti muli munthu.

Uthengawo unali utafika m'mawa womwewo: "Duwa langa, miyezi itatu yakwana. Lero masana ndikubwera kudzamva yankho. Ukangoti eya, Lamlungu ndikaonekera kwa amayi ako."

Yankho anali nalo. Anali atalinena kale kanayi, chamumtima, akusita kolala ija.

"Koma amakhala kuti munthu wakoyo?" anafunsa mchemwali wake.

"Ndi amalume awo."

"Nanga bwanji foni yake imafa akangoweruka?"

"Akuti amalumewo ndi ovuta."

"Hmm. Munthu wandevu kumaopa amalume. Chabwino, mwini mtima ndiwe."

Funso limenelo linali litamuvutitsapo Chetechete. Koma munthu angamufunse bwanji zotero mwamuna amene amamutcha duwa?

Chetechete ankagwira ntchito pa kauntala yachitatu m'sitolo yaikulu yoyandikana ndi pokwerera basi. Miyezi itatu yapitayo, sitoloyo inalandira timakina tatsopano tolipirira. Kasitomala sankafunikanso kulowetsa khadi la kubanki. Ankangoligunditsa pamwamba, kamakina n'kulira kuti phii, basi zatha.

Tsiku limene mayi wa kubanki anabwera kudzawaphunzitsa, Chetechete anali ndi mafunso ambiri koma pakamwa panakana kutseguka. Anawalemba pakapepala n'kupatsa mnzake wa pa kauntala yachiwiri kuti amufunsire.

"Munthu akangodutsa pafupi khadi lili m'thumba, ndalama sizichoka?" anawerenga mnzakeyo.

"Ayi," anatero mayi wa kubanki. "Khadi liyenera kuyandikira kwambiri, ngati zala ziwiri, ndiponso inu mukhale mutalemba kale mtengo."

"Nanga likabedwa?"

"Wakubayo sapita nalo patali. Akafuna chinthu chodula, kapena akagunditsa kangapo, makina amafunsa nambala yachinsinsi. Komanso nthawi iliyonse foni ya mwini khadi imalandira uthenga, ndiye angathe kulitseketsa pompo."

"Lomaliza. Makhadi akakhala awiri m'chikwama, munthu n'kugunditsa chikwama chonse?"

Mayiyo anaseka. "Amene walemba mafunsowa ndimufuna kubanki kwathu. Makina athuwa salota. Akamva makhadi awiri amakana, amafuna munthu asankhe limodzi."

Mawa lake ndi pamene anatulukira mwamuna uja. Anali wamtali, wa malaya oyera, wogwira ntchito m'maofesi a inshuwalansi kumtunda kwa msewu. Anagula botolo la madzi, n'kuyamba kufunafuna polowetsa khadi.

"Ingogunditsani," anatero Chetechete motsitsa mawu.

Phii.

"Basi? Osandifunsa n'komwe dzina?" Mwamunayo anayang'ana kamakina, kenako anayang'ana iye. "Kamakinaka kakufanana nanu, achemwali. Sikalankhula, koma katenga kale zanga."

Kuyambira tsiku limenelo ankabwera masana aliwonse. Ngakhale makauntala ena akhale opanda anthu, iye ankaima pamzere wa Chetechete, khadi lili kale m'thumba la malaya. Tsiku lachisanu analemba nambala yake kuseri kwa lisiti. Chetechete anaisunga m'foni ndi dzina lakuti Phii.

Mauthenga ake anali okoma, moti ena ankawawerenga mpaka kuwaloweza.

"Sunandigwire n'komwe, duwa langa. Unangoyandikira, mtima wanga n'kulira phii."

"Nambala yachinsinsi ya moyo wanga uli nayo ndiwe wekha."

"Ndikulonjeza, sindidzakuliza. Ndikadzakuliza, udzanditseketse ngati khadi lobedwa."

Kodi mawu otero munthu amawatenga kuti? Chetechete ankadabwa. Iye kuti alembe mawu atatu okha ankafufuta kasanu.

Chidwi chake sichinali pa mwamunayo yekha. Popeza sankalankhula, ankaona zambiri. Ankadziwa agogo aamuna amene ankagunditsa khadi kawiri poopa kuti koyamba sikanamveke, ndiponso mphunzitsi amene ankalipukuta pamalaya asanaligunditse. Koma amene ankamusangalatsa kwambiri anali mayi wina wosoka zovala, woyembekezera, amene ankabwera Lachitatu lililonse sitolo ikangotsegulidwa, pochokera kogula ulusi ndi nsalu. Tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwake, ndipo pakamwa pake sipankapuma.

Khadi la mayiyo linali ndi kadontho kofiira pakona.

"Ukudabwa kameneka, mng'ono wanga?" anatero tsiku lina ataona maso a Chetechete. "Ndi utoto wa zikhadabo. Ine ndi abambo akunyumba banki yathu ndi imodzi, makhadi amafanana ngati mapasa. Amatenga langa, ati asokoneza. Ndiye ndinadontheza. Komanso akangoligunditsa, foni yanga imalira, ndimadziwa ali pati ndipo awononga zingati. Zinthuzi n'zabwino, mwamuna sanganame!"

Tsiku la yankholi linalinso Lachitatu. Mayi wosoka anabwera m'mawa monga mwa nthawi zonse, miyendo itatupa, akupuma mwabefu. Analipira sopo ndi ndalama za m'manja.

"Lero khadi langa lapita ndi abambo," anatero. "Ndawatuma kuti poweruka akandigulire beseni ndi matewera. Mwezi wamawa mlendo akufika. Udzabwere kudzamuona, wamva?"

Chetechete anagwedeza mutu, n'kumuthandiza kuika sopo m'thumba.

Masana anafika mochedwa kwambiri. Chetechete ankangoyang'ana khomo, kenako wotchi, kenako khomo. Kodi anene bwanji? "Eya" yekha akwanira? Kapena alembe kuseri kwa lisiti, monga anachitira mwiniwake?

Ndiye anamuona. Bambo Phii anali atameta, atavala tayi, akubwera ndi chokoleti chachikulu ndi kabotolo ka pefyumu. Anadikira pamzere mpaka nthawi yake inakwana, ndipo kumbuyo kwake kunatsala agogo aamuna aja okha.

"Zimenezi ndikugulira mtsikana wina wokongola," anatero monong'ona. "Amagwira ntchito pa kauntala yachitatu. Mwina mukumudziwa."

Chetechete anaweramitsa nkhope. Analemba mtengo pakamakina.

Mwamunayo anapisa m'thumba la malaya, koma khadi munalibe. Anatulutsa chikwama m'thumba la thalauza, ndipo chifukwa maso ake anali pa Chetechete, anangogunditsa chikwama chonse monyadira.

Kamakina sikanalire phii. Kanalira kawiri, mawu okhuthala.

Anagunditsanso. Kanakananso.

"Kachita nsanje lero kameneka," anatero akuseka.

"Kamva makhadi awiri," anatero Chetechete. "Tulutsani limodzi."

Mwamunayo anatsegula chikwama n'kusolola makhadi awiri ofanana ngati mapasa. Anawatembenuza kuti aone lake. Pakona ya limodzi panali kadontho kofiira.

Chala chake chachikulu chinathamangira kukaphimba, koma Chetechete anali ataona kale.

M'sitolo monse munakhala ngati mwazima. Chetechete anaona tepi yoyezera, miyendo yotupa, sopo uja. Anakumbukira foni imene inkafa madzulo aliwonse. Amalume ovuta aja anali amenewa?

"Ili ndi la mlongo wanga," anatero mwamunayo mofulumira.

"Alongo anu amasoka zovala?"



"Akutumani beseni ndi matewera," anapitiriza Chetechete. "Zili kumapeto kwa shelefu yachisanu ndi chimodzi."

"Duwa langa, tamvera. Zakunyumba n'zovuta, ndimafuna ndikuuze bwinobwino. Amene ndimamukonda ndiwe. Tikumane ukaweruka, ndikufotokozera zonse."

Misozi inali itadzaza m'maso, koma Chetechete sanaiphethire. Anadabwa kumva mawu ake akutuluka osanjenjemera.

"Gunditsani lofiiralo."

"Chiyani?"

"Gunditsani lofiiralo, foni yawo ilire. Adziwe kuti muli pati. Akakufunsani mwagula chiyani, mukawaonetse pefyumu."

Mwamunayo anayang'ana khadi lija ngati lamuotcha. Pang'onopang'ono anakankhira chokoleti ndi pefyumu pambali. Agogo a kumbuyo aja anatsokomola, ndipo mnzake wa pa kauntala yachiwiri anali atasiya kulongedza katundu.

"Ndiye yankho langa?" anafunsa mwamunayo ndi mawu aang'ono.

Chetechete anafufuta mtengo pakamakina. Msozi umodzi unagwera pagalasi lake, ndipo anaupukuta ndi mkono wa bulauzi imene anaisita m'mawa.

"Yankho ndinali nalo, ndipo linali eya. Ndalisita m'mawa wonse. Inu mumaona ngati munthu wachete saona, koma ine ntchito yanga ndi kuona. Mayi amene uja amanditcha mng'ono wake. Munati ndikadzalira ndidzakutseketseni ngati khadi lobedwa. Ndalira, ndipo ndakutsekani. Kamakinaka kakuyankhani kale: sikalandira awiri nthawi imodzi. Inenso sindilowa m'chikwama muli kale mwiniwake."

Anapumira m'mwamba, n'kuyang'ana kuseri kwa phewa la mwamunayo.

"Kagulenitu beseni, bambo. Agogo, bwerani. Lero mugunditse kamodzi kokha, kamamva."