Supuni ya Wuga Yakana Kuuma

Wuga ankakhala kumapiri a Liangshan. Ankafuna kupatsa amalume ake mphatso ya chaka chatsopano. Kunatsala masiku asanu.

Bambo ake anali mmisiri. Ankapaka mbale zamtengo utomoni wowala. Anapatsa Wuga supuni yamtengo, yakuda bii.

"Jambula wekha, mwanawe," anatero bambo. "Koma utomoni usakukhudze. Umayabwa."

Wuga anajambula nyanga za nkhosa. Anajambula ndi utomoni wofiira. Anajambula ndi utomoni wachikasu. Mtima wake unali dyokodyoko.

Bambo anapita kutali kukadula mitengo. Wuga sanafunse munthu. Chonyowa chimauma padzuwa, ndani sadziwa?

Anayanika supuni padzuwa. Madzulo anaikhudza ndi kaudzu. Kaudzu kanamata.

M'mawa mwake anaiika pafupi ndi moto. Anaikhudzanso ndi kaudzu. Kaudzu kanamatanso.

Wuga anada nkhawa. Kunatsala masiku atatu.

"Ndipita kwa amalume chimanjamanja?" anadzifunsa.

Analowa m'kachipinda ka bambo. Munali mdima. Pansi panali ponyowa. Nsanza zonyowa zinali lende pakhoma. Koma mbale za bambo zinali zouma gwa.

"Kani utomoniwu umakonda madzi!" anatero Wuga.

Anathamanga kukatunga madzi. Ananyowetsa nsanza. Anawaza madzi pansi. Anaika supuni pakati pa mbale.

Bambo atabwera, Wuga anawauza zonse. Bambo anaseka kwambiri.

"Unaiyanika ngati malaya?" anafunsa. "Utomoni wathu umauma pachinyezi. Tsopano dikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kudekha kunamuvuta Wuga. Ankasuzumira m'mawa. Ankasuzumira masana. Ankasuzumira madzulo.

Tsiku la ulendo linafika. Bambo anakhudza supuni ndi chala. Sinamate. Wuga analumpha, nalumphanso.

Kwa amalume anapeza msuzi wa nkhumba ukuwira. Wuga anapereka supuni ndi manja awiri.

Amalume anaitembenuza uku ndi uku.

"Izi ndi nyanga kapena mbatata?" anafunsa.

"Nyanga, amalume."

"Chabwino. Tione ngati imadziwa ntchito."

Amalume anatunga msuzi. Anamwa. Anatunganso. Anamwanso. Anatunganso kachitatu.

"Achimwene, tisiyireniko msuzi," anatero mayi a Wuga.

"Si ine, chemwali," anayankha amalume. "Supuni ya Wuga yakana kuchoka m'manja."

Onse anaseka. Wuga anaseka mpaka misozi.