Mtanda Wosamuka pa Mchenga

Woyeza malo, mayi wosakonda zocheza, anakhomera pansi nsalu zoyera zisanu ndi zitatu m'mbali mwa mtsinje, iliyonse ili ndi mtanda wakuda pakati. Dironi yake, kandege kopanda munthu, ikajambula kuchokera m'mwamba, mitandayo ndiyo inkathandiza kuti mapu asaname. Mapu akananama, chipupa chotchinga madzi chikanamangidwa pamalo olakwika, ndipo mvula inali pakhomo.

Madzulo a tsiku lachiwiri, ali yekha m'kalasi momwe ankagona, anaona pa laputopu kuti nsalu imodzi yasamuka. Inali pakati pa mchenga umene madzi osefukira anasiya chaka chatha, pamalo pamene panalibe ngakhale chitsa. Anakaibweza. Kutacha inali pamchenga pomwepo, yoyalidwa bwinobwino, misomali yonse inayi itakhomedwa. Anaibwezanso kumtsinje.

"Kumeneko sitipondako, mayi," ananong'ona mlonda wa pasukulupo. "Ena amene anakokoloka ndi madzi sanapezeke. Akuti mdima ukagwa kumamveka khasu."

Mayiyo anaseka, koma kuseka kwa munthu mmodzi m'kalasi mopanda ana sikukoma. Usikuwo malata ankathetheka, achule ankangoti zii onse pamodzi, ndipo chapatali kunkamveka go, go, go. Anachita mantha, ndipo analibe womuimbira foni.

Tsiku lachinayi analawirira m'bandakucha n'kukabisala m'bango. M'nkhungu munatuluka chinthu choyera, chikuyenda pang'onopang'ono. Chitayandikira, anaona kuti ndi bambo wowonda atanyamula nsalu ija. Bamboyo anagwada, naiyala, n'kumaisalaza ndi manja ngati akufunditsa wodwala.

"Bambo, mukundiwonongera ntchito," anatero mayiyo.

Bamboyo sanadzidzimuke. "Pepani, mayi. Ndinamva kuti ndege yanuyi imayang'anitsitsa pamene pali mtanda. Khomo lathu linali pano. Madzi atafika, mayi a kunyumba anabwerera kukatenga bulangete la mwana. Ndakumba chaka chonse." Anakweza maso. "Yaona chiyani?"

"Mchenga wokha, bambo."

"Ndiye kuti ikuuluka m'mwamba kwambiri. Lero itsikeko pang'ono."

Mayiyo anafuna kunena kuti dironi siona pansi pa nthaka, koma anangotembenuka. Anabwerera kukalasi, nang'amba shiti yake yogonera, n'kujambulapo mtanda wina woti akakhome kumtsinje. Nsalu ija sanaichotsenso.

Dzuwa litatuluka anaulutsa dironi motsika pamchenga paja. Bamboyo anaima pansi pake, chipewa chili m'manja, akudikira.