Bambo Wogwadira Mafiriji

"Adadi, n'chifukwa chiyani mumagwadira mafiriji?"

Kamtsikanako kanafunsa kataona bambo ake akupinda bondo pakati pa sitolo imene ankagwirako ntchito. Yankho lake linali lalitali.

Sitoloyo kale inali tchalitchi cha Katolika. Akhristu atamanga china, ichi chinagulitsidwa. Mabenchi anatuluka, munalowa matiresi. Pamene panali guwa anandandalikapo mafiriji. Chinatsala ndi mawindo a magalasi amitundumitundu, ndi kambale kamwala pakhomo, ka madzi odalitsidwa, kamene kanauma kalekale.

Mwanayo ali wamng'ono ankaswera ndi bambo ake kusitoloko. Madzulo amayi ake ankadzamutenga, bamboyo n'kupita kusukulu ya usiku. Tsiku lina kunali mayeso, mutu uli ku masamu. Bamboyo ataona kuti mwana sakuoneka, anangoti amayi ake amutenga kale. Anakhoma chitseko, ulendo.

Pobwerera kunyumba, magetsi anali atazima dera lonse. Mkazi wake anatsegula, kandulo ili kumanja, n'kusuzumira kumbuyo kwake.

"Mwana ali kuti, bambo ake?"

"Si muli naye inu?"

"Ndinakuuzani m'mawa kuti lero ndichedwa, mupite naye."

Mabuku anagwera pomwepo. Anathamangira kusitolo, njira yonse akungoganiza chinthu chimodzi: mwanayo ankakonda kubisala m'mafiriji.

Anatsegula sitolo. Ankayembekeza kumva kulira. Munali zii. Kenaka anamva mawu otsika, ngati amayi ambiri akupemphera korona. Munkanunkhira makandulo. Kutsogolo, pamwamba pa mafiriji, kanyali kofiira kankayaka.

Anayenda mopapasa. Pakati pa matiresi panali misana ya anthu ogwada, mitu ili m'mipango. Palibe anacheuka. Firiji yapakati inali yotsegula, kansapato kamodzi kali m'kati. Pambali pake panakhala mayi wokalamba, mwana ali pamiyendo.

"Pang'onopang'ono, bambo, wangogona kumene," anatero mayiyo monong'ona. "Tamutulutsa m'kabati yanuyi. Chitseko chinamukanika."

Bamboyo anawerama. Ananyamula mwana wake. Anali wofunda, akupuma bwinobwino.

"Ndipo inu mumangodutsa pano ngati pamsika," mayiyo anawonjeza, ngati akudzudzula mwana wobala yekha. "Bondo silithyoka."

Bamboyo atafika pakhomo anacheuka. Munali mdima ndi matiresi basi. Pofuna kutsamira khoma, dzanja lake linagwera m'kambale kamwala. Munali madzi. Pachipumi pa mwana panalinso ponyowa.

M'mawa abwana anati kanyaliko ndi ka firiji, ngati kuti firiji imayaka popanda magetsi. Wosoka nsapato wa pakhonde la sitoloyo sanadzutse n'komwe mutu. "Ndi amayi ankasesa muno aja," anatero. "Nanga kumandako anapita ndani kukawauza kuti munagulitsidwa?"

Patapita nthawi, abwana anafuna kugumula kambaleko kuti akulitse khomo. Bamboyo anawachonderera mpaka anakasiya, akudandaula kuti sukulu ya usiku yamuzunguza mutu.

Zonsezi mwanayo sankazikumbukira. Tsopano anali atakulako, akukoka malaya a bambo ake.

"Adadi, ndakufunsanitu."

Bamboyo anagwada kuti alingane naye, n'kumukonza kolala ya yunifolomu.

"Si mafiriji, mayi wanga. Pali anthu apa amene anakulera usiku wina, ine bambo ako nditakuiwala. Ndimawapatsa moni."